Madzi a dayi akukana kuyera m'thanki ya kufakitale

A Mbewe, Industria

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa amene anaphunzira za mankhwala kapena anagwirapo ntchito yoyeretsa madzi. Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yaing'ono kuno ku Joni yomwe imadaya masikipa ndi nsalu zosokera mayunifolomu, ndipo udindo wanga ndi kuyang'anira thanki ya kuseri, kumene madzi onse ochokera m'makina amafikira asanalowe m'paipi ya masipala. Njira imene ndinaipeza ndi yothira alum, kutakasa, kuthira polima pang'ono, kenako kusiya kuti matope akhale pansi. Masiku amene tadaya poliyesita zimayenda bwino, moti ukatunga madzi a pamwamba umaona pansi pa chidebe. Koma tikadaya thonje, makamaka lakuda, la nevi kapena lofiira, ngakhale ndithire alum wochuluka bwanji, madziwo amakhalabe ofiirira mpaka nthawi yoweruka. A masipala akabwera kudzatunga madzi okayeza, bilu imakwera, ndipo abwana akuti ndizingowonjezera mankhwala. Kodi vuto lili pa mankhwalawo, kapena pali pamene sitikuchita bwino?

Mayi Nachisale, Turffontein

Bambo Mbewe, musawonjezere alum, chifukwa mukungotaya ndalama ndi kuchulukitsa matope. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti m'thanki mwanu mumalowa mitundu iwiri ya dayi yosiyana chikhalidwe. Wodayira poliyesita ndi wa mtundu wa disperse, ndipo sasungunuka kwenikweni m'madzi. Amakhala tizidutswa tating'onoting'ono tongoyandama, tomwe timakankhana chifukwa tonse tili ndi mphamvu yamagetsi yofanana. Alum akalowa m'madzi amathetsa kukankhanako, napanga timibulu toyera ta aluminium hydroxide tomwe timakola tizidutswato ndi kutsika nato pansi. Imeneyo ndiyo ntchito imene alum amaidziwa, ndipo n'chifukwa chake masiku a poliyesita mumaweruka mukusangalala.

Wodayira thonje amene mafakitale ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano ndi wa mtundu wa reactive, womwe kampani ya ICI ya ku Britain inayamba kugulitsa mu 1956. Ameneyu anapangidwa dala kuti azisungunuka kotheratu, ndi kuti akakumana ndi ulusi wa thonje azimangana nawo kolimba, kuti sikipa isasuluke ikachapidwa. Kuti zimenezi zitheke, anzanu a kumakina amathira mchere wambiri wokankhira dayi ku ulusi, kenako soda ash wokweza pH (muyeso wosonyeza ngati madzi apendekera ku asidi kapena ku soda) kufika pa 10 kapena 11. Tsoka lake ndi lakuti pa pH imeneyo dayi wina amagwirana ndi madzi m'malo mogwirana ndi thonje, ndipo akatero sangagwirenso nsalu. Pa mitundu yakuda bii, gawo lotayika motere limatha kufika limodzi mwa magawo atatu a dayi yense amene anathiridwa. Dayi ameneyu si tizidutswa toti alum akole, ndi chinthu chosungunuka.

Palinso chinthu chachiwiri. Alum amagwira bwino ntchito pH ikakhala pafupi ndi 6 kapena 7, ndipo ikakwera kupitirira 9 timibulu take tomwe timasungunukanso. Kodi madzi a tsiku la thonje mumawayeza pH musanathire mankhwala, ndipo amakhala otentha motani?

A Mbewe, Industria

Zikomo kwambiri mayi. Sitinkayeza, koma lero ndabwereka kachipangizo ka kulabotale, ndipo pH yangodutsa 10 pang'ono. Madziwo amafika akufuka nthunzi, moti dzanja silingakhalemo nthawi yaitali.

Che Jafali, Mayfair

Akuluakulu, ndiloleni ndilowererepo ngakhale ine ndine telala chabe. Ndimadaya ndekha nsalu zoyera za thonje m'ndowa kuseri kwa nyumba, kuti ndisokere madiresi a makasitomala amene amafuna mtundu wosapezeka m'mashopu a ku Fordsburg. Madzi otsala ndimathiramo Jik makapu angapo, ndipo posakhalitsa mtundu wonse umazimirira, madziwo n'kukhala ngati a pampopi. Nanga fakitaleyo siingachite chimodzimodzi pogula mankhwala omwewo m'migolo ikuluikulu? Kwa ine zikuoneka kuti n'zotchipa kuposa zonse zimene zatchulidwazi.

A Kamanga, Braamfontein

Che Jafali, bambo anga, zimene mumaonazo n'zoona ndithu, koma chimene chazimiriracho ndi mtundu wokha. Dayi wambiri wa reactive, monganso dayi wambiri wa nsalu padziko lonse, ali m'gulu la azo, lomwe chizindikiro chake ndi maatomu awiri a nitrogen omangirirana pakati pa zigawo ziwiri zazikulu za mankhwalawo. Diso limaona mtundu pamene mfundo imeneyo ili yolumikizana. Mukaidula, mtundu umatha nthawi yomweyo, koma zigawo ziwiri zija zimatsala m'madzi momwemo, ndipo chlorine wa mu Jik amatha kumamatira kwa izo n'kupanga mankhwala atsopano omwe tizilombo ta kumalo oyeretsera suweji timavutika kuwaphwanya. Zofanana ndi zimenezi zimachitika ndi hydros, amene a kumakina amachotsera dayi pa nsalu imene yalakwika: amadula mfundo ya azo n'kusiya mankhwala otchedwa aromatic amines, ndipo ena mwa amenewa, monga benzidine, amayambitsa khansa. Mu 2002 mayiko a European Union analetsa dayi wa azo amene amatulutsa mankhwala oterewa pa zovala zokhudza khungu.

Ndichenjezenso Bambo Mbewe mwapadera: ngati muyamba kuthira asidi wotsitsira pH, Jik kapena hypochlorite wa mtundu uliwonse asayandikire thankiyo, chifukwa ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe ungagwetse munthu ataima m'mphepete mwa thanki.

Njira imene ine ndingalimbikitse ndi ya Fenton, yomwe tikuiyesa m'labotale kusukulu kuno. Dzinali ndi la Henry Fenton wa ku Cambridge, amene mu 1894 analemba za mphamvu imene chitsulo chosungunuka chimakhala nayo chikaphatikizidwa ndi hydrogen peroxide. Mumatsitsa pH kufika pafupi ndi 3, mumathira ferrous sulphate, yemwe amapereka chitsulocho, kenako peroxide pang'onopang'ono. Ziwirizi zimabala hydroxyl radical, yomwe siimangodula mfundo ya azo yokha koma imapitiriza kuphwanya zigawo zotsala zija, kotero kuti COD, muyeso wa zonyansa zimene zimadya mpweya m'madzi, nayo imatsika. Peroxide muli naye kale m'sitolo ya fakitale chifukwa ndi amene mumayeretsera thonje musanalidaye, ndipo ferrous sulphate si wodula.

Mayi Nachisale, Turffontein

A Kamanga afotokoza bwino za Jik, ndipo chenjezo la asidi lija aliyense alisunge. Koma pa nkhani ya Fenton, achimwene, ndisiyana nanu pang'ono. M'kabotolo ka m'labotale njirayi ndi yosiririka, koma fakitale yodaya thonje imatha kugwiritsa ntchito malita oposa 100 pa kilogalamu imodzi ya nsalu, kuwerengera kuchapa, kuyeretsa, kudaya ndi kutsukuluza konse. Kutsitsa pH ya madzi onsewo kuchoka pa 10 kufika pa 3 kumadya asidi wochuluka kwambiri, chifukwa soda ash amayamba wamwa asidiyo, madzi akuchita thovu, pH isanayambe n'kusuntha komwe. Mukamaliza muyenera kuikwezanso ndi laimu kapena caustic soda kuti chitsulo chija chitsike pansi, ndipo mumatsala ndi matope ofiirira ambiri. Kuwonjezera apo, mchere umene uli m'madzi a dayi umalanda ena mwa ma radical aja asanafike pa dayi, choncho peroxide amene akukwanira m'madzi oyera a m'labotale sakwanira m'madzi enieni a kufakitale.

Chimene ndingauze abwana a Bambo Mbewe choyamba si dzina la mankhwala, koma paipi. Dayi wambiri ndi mchere wambiri zimatuluka m'madzi odayira enieniwo ndi m'madzi oyamba kutsukuluzira, ndipo amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi madzi onse a tsikulo. Mukawapatulira thanki yawoyawo, mungathe kuwachita Fenton kapena njira ina iliyonse yodula popanda kusauka nayo, pamene otsalawo akupita ku alum monga kale. Mukasakaniza zonse m'thanki imodzi, mumakhala mukulipira mankhwala oyeretsera madzi omwe anali kale oyera ndithu.

Musanagule chilichonse, yesani m'mabotolo. Tungani madzi a tsiku la thonje, muwasiye azizire, muwagawe m'mabotolo agalasi 6 a lita imodzi imodzi. Tsitsani pH ndi asidi wosungunula mpaka ifike pakati pa 6 ndi 7, ndipo kumbukirani kuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. M'botolo lililonse thirani mlingo wosiyana wa mankhwala, kuyambira wochepa kukwera. Takasani mwamphamvu kwa mphindi imodzi, kenako pang'onopang'ono kwa mphindi 15, ndipo muwasiye kwa theka la ola osawagwedeza. Botolo limene lagwira mudzaona madzi akuyamba kuduka ngati mkaka umene ukusanduka chambiko, timibulu tikukula ndi kutsika, pamwamba n'kutsala mbee. Yesani alum, yesani polyaluminium chloride, yesaninso ferrous sulphate pamodzi ndi laimu, amene safuna kutsitsa pH chifukwa amagwira ntchito ili yokwera. Pemphaninso kwa ogulitsa mankhwala polima wochotsa mtundu, wa cationic (wa mphamvu yamagetsi yosiyana ndi ya dayi), amene amagwirana ndi dayi wosungunukayo mwachindunji n'kumusandutsa chinthu chosasungunuka. Ameneyu samalani naye mlingo, chifukwa mukapyoza muyeso tizidutswa timayambanso kukankhana ndipo madzi amabwerera kukhala a mtundu. Anthu ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mankhwala achepa, n'kuwonjezeranso.

Za ozone sindinena zambiri. Amachotsa mtundu wa reactive bwino ndipo sasiya matope, koma sasungika, amapangidwa pamalo pomwepo ndi makina odya magetsi ambiri, ndipo fakitale yaing'ono imene inaona kuthimathima kwa magetsi a Eskom m'zaka zapitazi iyenera kuwerengera kawiri isanagule.

Bambo Chirwa, Diepsloot

Ine ntchito yanga ndi ya mapaipi, ndipo ndikufuna tikumbukire kumene madziwa amapita akatuluka pa geti ya fakitale. Mzinda uno unamangidwa pamsana pa mtunda wa Witwatersrand, kotero madzi ake amagawikana pawiri. A kumpoto amadzera ku Northern Works, pafupi ndi kuno kwathu, n'kulowa mu mtsinje wa Jukskei, kenako Crocodile mpaka damu la Hartbeespoort. A kummwera amadzera ku Goudkoppies, Bushkoppie ndi Olifantsvlei, n'kulowa mu Klip, umene umathira mu Vaal. Malo onsewa amayeretsa suweji pogwiritsa ntchito tizilombo, ndipo dayi wa reactive amangodutsamo osasintha kwenikweni, chifukwa anapangidwa kuti apirire sopo, thukuta ndi dzuwa. Akafika mumtsinje amatchinga kuwala, zomera za m'madzi n'kulephera kupanga mpweya umene nsomba zimapuma.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'zokambirana zonsezi palibe mankhwala amene atchulidwa oti amachotsa mchere. Mayi Nachisale mundikonze ngati ndalakwa, koma ndinamva kuti podaya nsalu yakuda amathira magalamu 60 mpaka 80 a mchere pa lita imodzi, pamene madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35. Mtsinje wa Vaal ukuvutika kale ndi mchere wochokera m'migodi, ndipo alimi a kumunsi amathirira mbewu ndi madzi omwewo.

Mayi Nachisale, Turffontein

Simunalakwe, Bambo Chirwa, ndipo zoona zake n'zakuti ambiri mwa mankhwala amene tatchulawa amawonjezera mchere m'malo mouchotsa. Asidi akakumana ndi soda ash chimene chimabadwa ndi mchere wina, ndipo alum ndi ferrous sulphate amasiya sulphate wawo m'madzi. Chochotsa mchere ndi kusefa kwa reverse osmosis, komwe kumafuna kuti madzi akhale atayeretsedwa kale bwino lomwe kuti sefa isatsekeke, ndipo pamapeto pake mumatsalabe ndi madzi ochepa a mchere wowirikiza oti muwapezere kopita. Kwa fakitale yaing'ono, chapafupi ndi kuchepetsa mchere poyambira: kusankha dayi wa reactive amene amagwira kwambiri pa ulusi, kugwiritsa ntchito makina odaya ndi madzi ochepa, ndi kuyeza mchere pa sikelo m'malo mothira ndi fosholo. Nsalu imene yadayidwa molondola ulendo woyamba imapulumutsa madzi ambiri kuposa mankhwala aliwonse a kuthanki, chifukwa nsalu yolakwika imachotsedwa mtundu ndi kudayidwanso.

Mayi Nabanda, Yeoville

Ndisanabwere kuno ku Joni ndinagwirapo ntchito ku Maseru, m'dera la mafakitale la Thetsane, kumene ntchito ya jinzi inakula kwambiri dziko la America litakhazikitsa lamulo la AGOA mu 2000. Aliyense amene anakhalako m'zaka zimenezo anaona timitsinje tikuyenda ndi madzi abuluu kulowera ku Mohokare, mtsinje umene mbali ya kuno amautcha Caledon. Dayi wa jinzi ndi indigo, ndipo pa nkhani ya alum ndi wosavuta, chifukwa amasungunuka pokhapokha akathiridwa hydros ndi caustic soda, ndipo akangokumana ndi mpweya amabwerera kukhala ufa wabuluu wosasungunuka. Choncho kumutsitsa pansi pa thanki si nkhani. Nkhani ndi matope. Kumene ndinkagwirako, matope abuluu osakanikirana ndi phulusa la miyala yokwechera jinzi ankaunjikidwa kuseri, ndipo mvula ikagwa ankakokoloka kubwerera m'ngalande momwe anachotsedwa. Bambo Mbewe, abwana anu akamawerengera mtengo wa mankhwala, awerengerenso makina ofinyira matope ndi galimoto yokawataya, chifukwa matope amene ali ndi dayi ndi zitsulo monga copper, yemwe amapezeka mu dayi wina wa turquoise, angafunike kupita kumalo otayira zinyalala zoopsa monga Holfontein kufupi ndi Springs, osati kudzala wamba.

A Phiri, Rosettenville

Ndakhala ndikutsatira mwachidwi chifukwa cholinga changa ndi kubwerera kumudzi n'kukayamba kabizinesi kodaya zitenje ku Blantyre. Tonse tikudziwa mmene mtsinje wa Mudi umaonekera ukadutsa m'dera la mafakitale la Makata, pamene anthu a kumunsi amachapiramo ndi kuthirira madimba, ndipo sindikufuna kukhala mmodzi wa ouwonjezera mavuto. Alum ndi polima kwathu amachokera kunja ndipo amafuna ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Ndinamva kuti njere za chamwamba zimayeretsa madzi. Kodi sizingagwire ntchito pa dayi?

A Kamanga, Braamfontein

Bambo Phiri, nkhani ya chamwamba ndi yoona, ndipo kwathu komwe ndi kumene inayesedwa pa mlingo waukulu: m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku yunivesite ya Leicester anayesa njerezi pa malo oyeretsera madzi akumwa ku Thyolo, ndipo zinayeretsa madzi a matope a mumtsinje mofanana ndi alum. Njerezi zili ndi puloteni ya cationic, choncho zimatha kugwira dayi wina wosungunuka, ndipo sizisintha pH ya madzi. Koma ufa wa njere ndi chakudya cha tizilombo, ndiye mukathira wochuluka COD imakwera ngakhale mtundu utatsika, ndipo madziwo akakhalitsa amayamba kununkha. Kufinya mafuta kaye n'kugwiritsa ntchito chotsalacho kumachepetsako vutoli. Pa ndowa zochepa n'zotheka, koma pa fakitale mungafunike munda waukulu wa mitengoyi. Laimu amapezeka kwathu, ku Balaka amawotcha ndithu, choncho njira ya ferrous sulphate ndi laimu muiyesenso. Mukafika mukaonanenso ndi a bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, komanso a khonsolo ya mzinda, musanayambe kutaya madzi.

Che Jafali, Mayfair

Ndamva ndithu, ndipo Jik ndimusiya akhale wochapira. Nanga ine wa ndowa ziwiri ndichite chiyani, poti labotale ndilibe?

Mayi Nachisale, Turffontein

Che Jafali, chachikulu kwa inu ndi kumene mumakhuthulira. Ngalande ya madzi a mvula ya mumsewu siidutsa pa malo oyeretsera aliwonse, imapita mumtsinje molunjika, choncho madzi a dayi asalowemo ngakhale pang'ono. Paipi ya suweji, ya kuchimbudzi kapena kusinki, ndiyo yoyenera. Asiyeni azizire, muthiremo vinyo wosasa wa kukhitchini pang'ono kuti ukali wa soda utsike, ndipo muwakhuthule pang'onopang'ono pamodzi ndi madzi otsukuluzira. Yezaninso nsalu pa sikelo musanasungunule dayi, chifukwa matelala ambiri amathira woposa amene ulusi ungamwe, ndipo wotsalayo ndi amene amadetsa ndowa. Valani magolovesi, ndipo posungunula ufa wa dayi phimbani mphuno, popeza ufa wa reactive umatha kuyambitsa mphumu kwa amene amaupuma kawirikawiri.

A Mbewe, Industria

Ndabwera ndi zotsatira za mabotolo. Alum yekha, ngakhale pH nditaitsitsa, wangochepetsa mtundu kuchoka pa kufiira kwambiri kufika pa kufiirira kowala. Ferrous sulphate ndi laimu wachotsa mtundu bwino, koma matope ake adzaza gawo lalikulu la botolo, ndipo madzi a pamwamba atagona usiku achita chikasu cha dzimbiri. Limene laoneka bwino kuposa onse ndi la polima wochotsa mtundu wotsatiridwa ndi polyaluminium chloride pang'ono, ndipo botolo limene ndinathira polima wochuluka kwambiri linachitadi zimene munanena, mayi, linabwerera kukhala la mtundu. Abwana aona mabotolowo ali pamzere, ndipo avomera kuti Bambo Chirwa abwere adzaone ngati n'kotheka kupatula paipi ya makina awiri amene timadayira zakuda.

Mayi Nachisale, Turffontein

Mwachita bwino, bambo. Chikasucho ndi chitsulo chimene chinatsala chosungunuka ndipo chachita dzimbiri chitakumana ndi mpweya, ndipo chimatha mukapopera mpweya m'madzimo musanawasiye kuti adikhe. Botolo lopambanalo musaliweruze ndi maso okha. Tumizani madzi ake a pamwamba kulabotale pamodzi ndi madzi osathira kanthu, akayeze COD, conductivity (yosonyeza kuchuluka kwa mchere) ndi pH, kenako muyerekeze ndi malire amene alembedwa pa chilolezo chanu cha masipala, chifukwa bilu ija imawerengedwa kuchokera pa zoyezazo. Mubwerezenso mabotolowo pa tsiku la nevi ndi la turquoise, popeza mlingo umene wagwira pa zofiira sungakhale womwewo.

Bambo Chirwa, Diepsloot

Bambo Mbewe, ndibwera Loweruka m'mawa makina atazima. Mundisungire pulani ya mapaipi a pansi ngati ilipo, ndipo mufunse a kumakina kuti madzi odayira amatuluka pa kutentha kotani, kuti ndidziwe ngati paipi ya pulasitiki ingapirire kapena tifunika yachitsulo chosachita dzimbiri.